BATIRE LIKHALE PATI M'GALIMOTO YAING'ONO?

Munthu ali yense amene anayendapo pa mseu wochokera ku Balaka kudzera pa Liwonde kunka ku Ntaja adziwa kuti sungapite mtunda wautali osakomana ndi mwana ali kuyendetsa galimoto ya mawaya. Mwanayo agwira chiongolero chachitali, pakamwa ali kulira ngati injini, ndipo anzake ali kuthamanga pambuyo kupempha kuti awabwerekeko. Luso limeneli nlakale pakati pathu, ndipo mbiri yake inamveka kutali. Mai wina wa ku America, Karen Lynn Williams, amene anakhalapo m'dziko muno, anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto m'chaka cha 1990, lonena za mnyamata wa kuno amene anazungulira mudzi wonse kufuna mawaya.

Koma ana a masiku ano sakhutira ndi kukankha. Ali kuchotsa timota m'mawailesi a kaseti ndi m'ma DVD akufa, natilumikiza ku mabatire kuti galimoto iyende yokha. Ndiponso abale athu ogwira ntchito ku Joni, amene ali ambiri m'maboma awiri ano a Machinga ndi Balaka (amene anali boma limodzi kufikira 1998), nthawi zina abwera ndi timagalimoto ta ku fakitale toyendetsa ndi rimoti. Tsono pali funso limodzi livuta onse, mwana wa mawaya ndi mkulu wa rimoti yemwe: kodi batire liikidwe pati? Ambiri ayesa kuti batire lingokhala pali ponse pamene papezeka malo. Si tero ai, ndipo amene aganiza chotero ataya ndalama, penanso aika nyumba yake pa ngozi ya moto.

KALOLE KA KU JONI

Wolemba nkhani ino anaona ndi maso zimene zinachitika pa masitolo ena chakum'mawa kwa Liwonde. Bambo wina anabwera kuchokera ku Johannesburg ndi kalole ka mtundu woyenda m'thengo, ka magudumu anai akuluakulu okoka onse, kutalika kwake kuposa pang'ono mkono kuyambira pa chigongono. Anapatsidwa ndi bwana wake amene mwana wake anali atakula, ndipo iye anadzakapereka kwa muphwa wake, mwana wa mlongo wake. Kalole kameneka kanali ndi injini yeniyeni yaing'ono, yolira ngati mavu okwiya, ndi thanki yake ndi paipi ya utsi. Mafuta otsala m'botolo anatha m'masiku atatu. Anayesa kuthira petulo, kalole kanakana.

Kanayenera kukana, pakuti injini zotere sizimwa petulo. Zimwa mafuta osanganiza methanol, nitromethane ndi oilo, amene eni ake a masewerawa angoti nitro, ndipo mafuta amenewo simungawapeze pa malo omwetsera galimoto a ku Ntaja kapena ku Ulongwe. Chotero bamboyo ananyamula kalole kupita nako kwa mnyamata wokonza mafoni ndi mawailesi, napangana kuti akasandutse koyenda ndi magetsi. Zipangizo anaitanitsa kwa mnzake wa ku Joni, zinabwera ndi anthu onyamula katundu: mota, batire, chotchajira, ndi kabokosi kolamula mphamvu yopita ku mota, kamene ogulitsa akatcha ESC.

Ntchito yoyamba sinavute. Wokonzayo anachotsa injini, paipi, thanki, kamakina kokoka mafuta ndi buleki, ndi kabatire kakang'ono kamene kanali kudyetsa kabokosi kolandira mau a rimoti. Buleki yakale siifunikanso chifukwa mota ya magetsi idzigwira yokha. Mota anaimanga pamene panali injini, ndipo pamenepo panalibe kusankha, pakuti mano a giya lake laling'ono ayenera kulumana ndi mano a giya lalikulu lakale. Chinatsala ndi batire, chinthu chonga chidutswa cha sopo wochapira. Pamalo pa thanki silinakwane. Nthawi inali itapita ndipo ana anali atadzaza pakhomo, tsono iye analisanjika pamwamba chakumbuyo, nalimanga ndi malegeni.

Anthu onse anapita ku bwalo la mpira. Mwana uja atangofinya rimoti, magudumu a kutsogolo ananyamuka, kalole kanagwa chagada ngati mphemvu. Anakadzutsa. Ulendo wachiwiri kanayenda ndithu, koma pokhota pafupi ndi golo kanagubuduka katatu, batire linafwamphuka nkulendewera pa mawaya ake.

"Amalume, kodi galimoto yangayi yaledzera?" anafunsa mwanayo.

Amalume sanaseke. Anatembenukira kwa wokonza uja nati, "Achimwene, ndalama zanga zija zapita m'madzi?"

"Pepani bambo, mota ili bwinobwino. Sindidziwa chalakwika nchiyani."

Amene anayankha ndi mkulu wina mwini ngolo, amene anali chikhalire pa tsinde la mlambe. "Ana inu, ngolo simunaionepo? Matumba mukaunjika kumbuyo, mtengo wa ngolo unyamuka ndipo chingwe cha goli chitsamwitsa ng'ombe. Mukaunjika kutsogolo, goli lithyola makosi. Mukaunjika pamwamba mbali imodzi, mukatola chimanga chanu m'ngalande."

Mkuluyo sanagwirepo rimoti chibadwire, koma analasa pomwepo.

CHIFUKWA CHAKE NCHIYANI?

Opanga kalole anakayesa bwino kulemera kwake ku fakitale, naika injini, thanki ndi zina zonse mogwirizana. Thanki ya timagalimoto totere ilowa mafuta okwana mamililita 125 mpaka 160, ndiye kuti magalamu opitirira pang'ono 100, ndipo mafutawo achepa pamene kagalimoto kali kuyenda. Batire lolowa m'malo mwake, la mtundu wotchedwa LiPo, lilemera pafupi magalamu 500, theka la paketi ya shuga, ndipo silipepuka ngakhale moto utatha. Kalole konse kalemera makilogalamu 4 kapena 5. Taonani tsono kuti chinthu chimodzi chokha chili gawo limodzi la magawo khumi a kulemera konse, ndipo ndicho chokha chachikulu chimene wokonza ali ndi ufulu wosuntha. Kumene batire lapita, khalidwe la galimoto lipita komweko.

Ndiponso mota ya magetsi siinyamuka monga injini ya mafuta. Injini iyamba yalira, nkumagwira pang'onopang'ono. Mota ipereka mphamvu yake nthawi yomweyo, magudumu asanazungulire nkomwe. Ndicho chifukwa chake kalole kaja kanaima ndi miyendo ya kumbuyo.

Pano tipatuke pang'ono. Mphamvu ya timota timeneti ichokera ku maginito amene ali m'kati mwake, opangidwa ndi chitsulo chosowa chotchedwa neodymium. Chitsulo chimenechi chili m'miyala ya phiri la Kangankunde m'boma la Balaka momwe muno, ndipo m'chaka cha 2022 kampani ya ku Australia, Lindian Resources, inapangana zogula mgodi wa pamenepo. Mwana wa ku Balaka wosewera ndi mota ali kugwira chinthu chimene mtundu wake uli pansi pa nthaka ya kwao.

Tibwerere ku batire. Malo abwino koposa akanakhala pakati penipeni, pansi penipeni, monga mai aika ndowa pakati pa nkhata osati m'mphepete. Ndimo achitira opanga galimoto zazikulu za magetsi. Nissan Leaf, imene inayamba kugulitsidwa mu 2010, inali ndi batire lolemera pafupi makilogalamu 300, ofanana ndi matumba 6 a chimanga, ndipo analiyala pansi pa mipando pakati pa magudumu a kutsogolo ndi a kumbuyo. Koma m'kalole kokoka magudumu onse anai pakati mpotseka, chifukwa mpamene padutsa zitsulo zozungulira zotengera mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Wokonza ayenera kufuna malo ena.

MBALI IMODZI KAPENA MBALI ZONSE ZIWIRI

Njira yofala ndi kugoneka batire limodzi chautali, mbali yoyang'anana ndi mota. Mota ikakhala ku dzanja lamanja, batire ligone kumanzere, zilimbane kulemera ngati ana awiri pa thabwa. Nthawi zina mbali imeneyo ndiyo inali ya thanki ndi kamakina ka buleki, ndipo pafunika kudula timiyendo ta thanki, penanso kusamutsa kabokosi ka rimoti, kuti malo akule. Batire liposa mota kulemera, tsono kabokosi ka ESC kapite mbali ya mota kukathandiza. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti mawaya ali afupi ndipo batire lotchaja nlimodzi.

Njira ina ndi ya mabatire awiri aang'ono, lina uku lina uku, monga zigubu ziwiri za madzi pa njinga. Ali yense wotunga madzi pa njinga adziwa kuti zigubu ziwiri zopachika m'mbali ziyenda bwino kuposa chimodzi chachikulu chosanjika pa kaliyala. Kampani ya Traxxas ya ku Texas inatulutsa kalole ka nitro kotchedwa T-Maxx mu 1999, ndipo chaka chotsatira, mu 2000, inatulutsa mbale wake wa magetsi, E-Maxx, amene anali ndi mabatire awiri, limodzi mbali ili yonse. Ife tiona kuti kwa timalole ta msinkhu wautali ndi magudumu akuluakulu njira imeneyi ipambana inzake ija.

Koma ili ndi msampha wake. M'kati mwa batire la LiPo muli timabatire tating'ono totchedwa maselo, lili lonse la ma volt 3.7, ndipo likadzaza lifika 4.2. Batire la maselo 4 lipereka ma volt 14.8. Mabatire awiri a maselo awiriawiri, olumikizidwa motsatana, apereka 14.8 yomweyo. Tsono awiriwo ayenera kukhala mapasa: mtundu umodzi, kukula kumodzi, msinkhu umodzi, otchajidwa tsiku limodzi. Mukaphatikiza lakale ndi latsopano, lakalelo litha msanga pamene mnzake akali kukoka, ndipo selo likatsika kupyola ma volt 3 laonongeka. Zili ngati kumanga nkhalamba ya ng'ombe pa goli limodzi ndi mthena wa nyonga.

Njira yachitatu, yosanjika pamwamba, ndiyo ija tinaiona ku bwalo la mpira. Siifuna mau ambiri.

Mukapeza mbali, katsala kusuntha kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo apa chala chimodzi chisintha zambiri. Batire likasendera kutsogolo, kagalimoto kamvera chiongolero ndipo kakwera chulu osagwa chagada, koma podumpha mizere ya m'munda wa thonje kazika mphuno pansi. Likasendera kumbuyo, magudumu a kumbuyo agwira bwino m'mchenga wa m'mbali mwa Shire, koma a kutsogolo apepuka, mukakhotetsa iko kangopitirira. Chifukwa chake chotengera batire chikhale chachitali kuposa batire, mpata wotsala mutseke ndi zidutswa za patapata. Mukafuna kusintha mungochotsa chidutswa kutsogolo nkuchiika kumbuyo.

SIKELO YA MPINI WA KHASU

Anthu a mipikisano ku maiko a kunja ayesa ndi masikelo anai, gudumu lili lonse pa sikelo yake. Ife tilibe zimenezo, koma mpini wa khasu ulipo pa khomo lili lonse. Ugonekeni pa njerwa ziwiri pamalo osalala. Ikani mimba ya kagalimoto pa mpiniwo chopingasa, zonse zili m'kati monga kayendera, nimukasunthe mpaka katalendewera osagwera kutsogolo kapena kumbuyo. Lembani pamenepo ndi khala. Chizindikirocho chikhale pafupi ndi pakati pa magudumu a kutsogolo ndi a kumbuyo, kapena kumbuyo pang'ono ndi chala chimodzi. Mukatero tembenuzani, mpini utsate utali wa kagalimoto pakati penipeni, muone ngati mbali ina ili kugonja.

Za msinkhu muyesa ndi thabwa. Imikani kagalimoto chopingasa pa thabwa, mukweze mbali imodzi pang'onopang'ono kufikira katayamba kugubuduka. Yesani batire lili pamwamba, muyesenso lili pansi. Wokonza uja atachita zimenezi pamaso pa amalume aja, panalibenso wotsutsa.

Kumbukiraninso masipuling'i. Anapangidwira katundu wopepuka, tsono kagalimoto kakhala pansi kuposa kale ndipo mimba yake ikhula miyala. Alimbitseni pang'ono ndi mphete zake kufikira kataima mowongoka.

MOTO

Apa ndi pamene tifuna makolo amvetsetse, pakuti nkhani yasiya kukhala ya masewera. Batire la LiPo ndi timatumba tofewa tosanjikizana, ndipo ambiri alibe chigoba cholimba. Likabooledwa ndi msomali, likaphwanyika pogwa, kapena likadzazidwa mopyola muyeso, litupa, lituluka utsi woipa, kenaka lawi lamphamvu losafuna kuuzira. Tsiku lija ku bwalo la mpira anthu anali ndi mwai kuti batire linagwera pa udzu osati pa mwala.

Malegeni okha sakwana. Agwira bwino thumba la makala pa njinga, koma atambasuka kagalimoto kakagunda chitsa, ndipo batire lithamangira kutsogolo ndi kulemera kwake konse. Pafunika chotengera cha makoma kutsogolo ndi kumbuyo, chomangidwa ndi mabauti ku chitsulo cha pansi, ndi malamba awiri osatambasuka pamwamba. Mitu ya mabauti ikhale yomira, nsonga zake ziloze pansi, ndipo muyalepo mphira kapena patapata batire lisanagone. Pitani ndi chala m'chotengera monse. Chimene chikanda chala chidzaboola batire.

Pansi pali pafupi ndi madzi, ichi nchoona. Nthawi ya dzinja dothi la makande limata pali ponse ndipo zithaphwi zili m'njira monse. Chotengera chikhale chotseka pansi ndi m'mbali, chotsegula pamwamba. Musakulunge mota kapena ESC m'pulasitiki, pakuti zimenezi zifuna mphepo, ndipo batire lisagundane ndi mota yotentha. Malire a batire ndi madigiri 60. Inu mudziwa kutentha kwa ku Balaka mwezi wa Okutobala, pamene mchenga uotcha mapazi. Kagalimoto kosiyidwa pa dzuwa masana otero sikachedwa kuyandikira malirewo. Mawaya ochokera ku batire akhale onenepa ndi afupi, asadutse pafupi ndi magiya, ndipo kawaya kolandira mau a rimoti kapite njira yake kutali nao.

Potchaja ndi pamene nyumba zipsa. Batire limeneli lifuna chotchajira chake chimene chiyang'ana selo lili lonse palokha. Musalilumikize molunjika ku sola ya pa denga. Sola yolembedwa ma volt 12 ingatulutse oposa 18 dzuwa likakhala pamutu, pamene batire la maselo 4 lidzaza pa 16.8, ndipo sola siidziwa kuleka. Tchajani panja, pa dothi, kutali ndi tsindwi la udzu ndi nkhokwe, batire lili m'phale kapena mumphika wa dothi, ndowa ya mchenga ili pambali, munthu wamkulu ali pomwepo. Usiku anthu ali m'tulo ai. Batire lotupa latha ntchito, ngakhale likali kuyendetsa. Musalisindikize kuti libwerere, ndipo musaliponye pa moto kapena m'chitsime.

KWA ANYAMATA A MAWAYA

Inu anyamata, zonsezi zikhudza inunso. Pamene munali kukankha ndi chiongolero, dzanja lanu linali kubisa zolakwa zonse za galimoto, likali kuigwira kuti isagwe. Mukaika mota ndi kuisiya iyende yokha, zolakwazo zionekera. Mabatire awiri akuluakulu a tochi alemera pafupi magalamu 200, ndipo galimoto ikakhala yaing'ono imeneyo ndi mbali yaikulu ya kulemera kwake. Ambiri a inu muwaika pa bodi kumbuyo kuti aoneke ngati katundu, kapena pa denga. Atsitseni pansi, agone chautali pakati pa magudumu. Galimoto yanu ilibe zitsulo zozungulira pakati, tsono malo abwino aja amene wa rimoti awasowa inu muli nao.

Chenjezo lalikulu ndi la mabatire obulungira ochokera m'ma laputopu akufa ndi m'matochi otchaja. Dzina lao ndi nambala, 18650, kutanthauza mamilimita 18 m'mimba ndi 65 m'litali. Limodzi lilemera pafupi magalamu 45 chabe, koma lili ndi ukali woposa mabatire a tochi kutali. Chigoba chake chonse chachitsulo ndi mbali imodzi ya moto, ndipo mbali inzake ndi kachipewa ka kumutu; chimene chilekanitsa chigoba ndi zinthu za kunja ndi kapulasitiki kopyapyala kokutira. Tsono galimoto yanu yonse ndi waya. Kapulasitiki kakang'ambika, waya nkukhudza chigoba ndi chipewa pamodzi, wayayo afiira ngati wa pa mbaula ndipo chala chipsa musanachichotse. Dulani nsungwi ya mphako yokwana, mulowetsemo batire, mutseke ndi mphira, ndipo nsungwiyo ndiyo muimange ku mawaya. Batire long'ambika chikopa kapena lopindika musalitole. Inu makolo, mukaona mwana ali ndi batire lotere m'thumba limodzi ndi misomali ndi mawaya ake, mulandeni muone.

Kalole ka ku Joni kanabwerera ku bwalo patapita sabata. Wokonza uja anadula chotengera pa safuliya yakale, nachimanga kumanzere pansi pamene panali thanki, ESC anaisamutsira mbali ya mota, ndipo pa mpini wa khasu kanalendewera chala chimodzi kumbuyo kwa pakati. Kanazungulira golo osagubuduka, kanadumpha mizere itatu ya m'munda wa pafupi, nkukwera chulu mpaka pamwamba. Mkulu wa ngolo anangogwedeza mutu nadzuka kukamasula ng'ombe zake. Dandaulo limene latsala ndi la mwini galimoto: moto utha patangopita mphindi 20, ndipo amalume alamula kuti kutchaja kuzichitika kwa wokonza yekha, m'phale, Loweruka m'mawa basi.